Nduna ya Zamafuta

Rosettenville, Joni
9 Marichi 2025

Okondedwa amake Deliwe,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu, Deliwe, amayi, ndi mlendo wathu wa m'mimbayo, uja ndinakusiyirani nditabwera pa Khirisimasi, amene mwati wayamba kale kukusanzitsani m'mawa ngati munamulakwira. Ine kuno ndili bwino.

Tsopano khalani pansi, muitane amayi, ndipo Deliwe ayambe wasiya kutafuna. Ndili ndi chilengezo. Ine Gervasio wa kwa Nthache, amene ndinatha zaka zinayi ku yunivesite ndikuphunzira mmene maufumu amagwera, amene ndakhala chaka chathunthu ndikukolopa pansi mu galaja ya eni, kuyambira Lolemba lapitali ndakwezedwa. Ndine Nduna ya Zamafuta. Galimoto ya boma sanandipatse, koma andipatsa shelefu, fanelo, ndi ovolosi yopanda chibowo kumbuyo.

Ndikufotokozereni, mungadzandichititse manyazi anthu akakufunsani. Galaja yathu sikonza maminibasi a pa Mwanza boma aja otseka chitseko ndi chingwe. Kuno kumabwera magalimoto othamanga, a mipando iwiri, afupiafupi moti mwini wake akafuna kutuluka amayamba wagwada. Ndipo ndi osankha zakumwa kuposa mayi anu pa ukwati wathu. Giyabokosi ya otomatiki wamba imamwa oyilo wofiira. Difu, ija imakhala pakati pa matayala akumbuyo, imamwa wina wonunkha ngati mazira owola osakaniza ndi adyo. Ndiye pali magiyabokosi amakono a makilatchi awiri, osintha giya munthu usanaphethire. Amenewo oyilo wake ndi wapadera, fungo lake laulemu, lobisala, ndipo ukalakwitsa n'kuthiramo wa difu, makilatchi amaterereka mpaka kupsa. Vuto ndi lakuti awiri omalizawa kumaso ndi amodzi, onse ngati uchi.

Mwina muti, nanga osangowerenga pa botolo? Apo ndiye pali nzeru za Bwana wathu. Mafutawa amagula m'madiramu kwa anthu osakonda kufunsidwa maina, n'kuwathira m'zigubu zoyera zopanda cholembedwa chilichonse, ndipo kasitomala amauzidwa kuti achokera ku Jeremani. Kulemba pa chigubu n'koletsedwa. Akuti cholembedwa chimasanduka umboni. Choncho pamafunika munthu wa mphuno. Mphuno ija munkaiseka, yomva kuti kwa aneba athu a Crispim akukazinga usipa ife tili kudimba, lero ikudyetsa banja.

Amene anali paudindowu ndi a Anselmo, mkulu wa ku Moatize ku Mozambiki, koma tsopano amamasula matayala. Nditawafunsa chimene anasiyira anangoti, "Epa, mphunonso imatha," n'kupitiriza ntchito yawo. Ndinaseka. Komabe mudziwe kuti munthu wopanda mapepala ngati ine, chondisunga pano ndi mphunoyi basi. Iyenera kugwira mpaka mwana abadwe mu Seputembala ndi denga likhale la malata.

Makalata ndizipatsira a Laston a thiraki akamadutsa. Mavoisi a pa foni ndasiya, poti mumawamvetsera pakhonde ndi mudzi wonse. Kangachepe kali mu envelopumu, Deliwe mumugulire nsapato zokulirapo.

Ine wanu,
Olemekezeka Gervasio


20 Epulo

Amake Deliwe,

Kalata yanu inafika ndipo ndakondwa kuti nonse muli bwino. Inenso ndadzuka.

Mwafunsa ngati anduna amavala zodzitetezera. Magolovesi alipo, masiki aliponso, tinawapachika pa msomali kuti oyendera aziwaona. Koma nduna ya mphuno ikavala masiki ndiye kuti yatula pansi udindo.

Kasitomala wathu wamkulu ndi mneneri wina wachinyamata, wa suti yonyezimira ngati mamba a nsomba. Ali ndi galimoto yachikasu, ya makilatchi awiri aja. Ku tchalitchi kwake amagulitsa mafuta odzozera m'timabotolo, ochiza shuga, ulova ndi umbeta. Tsiku lina ndinamufunsa mwaulemu wonse kuti, "Papa, bwanji tingothira dontho la odzozera aja mu giyabokosimu, tipumeko?" Anandiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kuti, "Malawi, galimoto iyi ndi ya ku Jeremani. Siikhulupirira."

Chimene amakonda kwambiri ndi mankhwala othira mu petulo, aja amati amawonjezera ukali wa injini ndi kutsuka m'mipope. Tili nawo a mitundu ingapo, onse m'zigubu zopanda dzina, ndipo chilichonse chimayenera kudutsa pamphuno panga chisanalowe mu thanki. Ngati amathandiza sindikudziwa. Chimene ndaona n'chakuti mwini galimoto akangolipira amayamba kuimva ikuthamanga. Koma amenewo ndiwo ankhanza, Edite. Oyilo amakupatsa moni, koma awa amalowa ngati singano mpaka kuseri kwa diso. Madzulo mutu umandiwawa, ndipo kangapo ndapeza timadontho tofiira pa pilo. Anzanga akuti ndi mphepo youma ya kuno.

Masana timadya limodzi ndi a Anselmo. Mkulu ameneyu amathira tsabola wa kambuzi masupuni awiri pa nyemba, mpaka ine woonerera kutuluka thukuta. Akuti akapanda kutero amakhala ngati akutafuna katoni.

Za kunyumba: mtedza musagulitse kwa mavenda oyenda ndi sikelo yawoyawo, mudikire mtengo ukwere. Mbuzi yaikazi ija a Crispim akuinyengerera musawapatse, ndi ya tsiku lotuluka m'chikuta. Kuchipatala musamayende wapansi, muzikwera kabaza, ndipo woyendetsayo muzimuuza kuti wanyamula akazi a nduna.

Wanu,
Gervasio


8 Juni

Amake Deliwe,

Moni wa kuno ndi wonjenjemera. Ndasangalala kumva kuti anamwino akuti mwana wagona bwino, ndiponso kuti miyendo ya amayi yasiya kutupa. Ine ndili bwino, kupatula chimfine chimene chandikakamira ngati ndinachilonjeza ukwati.

Kuzizira kwa ku Joni si kuja kwa ku Mwanza timatchula tikafuna chifukwa chomwera tiyi kawiri. Bwana walamula kuti zitseko zonse za galaja zizikhala zotseka, hita yake ingawononge magetsi. Ndiye utsi wa injini, petulo ndi mankhwala otsukira zitsulo timagawana mofanana, mosayang'ana kochokera munthu. Ndi malo okhawo mu Joni muno amene mlendo amalandira gawo lofanana ndi la mwini dziko.

Lamlungu lapitali ndinateleka nyemba n'kukhala pampando, msana nditalozetsa ku sitovu, ndikuwerenga nyuzipepala. Ndinangomva chitseko gugugu! Mayi wa chipinda choyandikana, wa ku Zimbabwe, walowa ndi ndowa ya madzi. "Malawi, ukufuna kutiotcha tonse?" Kucheuka, poto wada ngati makala a kwathu, utsi uli tolotolo kudenga, ine ndili phee ngati woweruza milandu. Ana ake anaseka mpaka kugona pansi. Musadandaule, ndi chimfinechi.

Ndinapita ku kiliniki kuti akandipatse timapiritsi, koma pageti panaima anthu ena, osati anamwino, ofunsa ziphaso. Ndinapitirira ngati ndimapita kogula buledi. Ndinagula ndithu bulediyo, kuti ulendo usapite pachabe.

Kuntchito ndachita zanzeru. Zigubu ndaziika mwadongosolo: wofiira kumanzere, wa makilatchi awiri pakati, wa difu kumanja, ndipo za mankhwala a petulo zili ndi mzere wake pansi. Kulemba n'koletsedwa, koma palibe lamulo loletsa munthu kukonda dongosolo.

Mwalemba kuti ndibwerere, akuti pa sekondale ina ya pulaiveti pa boma akufuna mphunzitsi wa mbiri. Edite, malipiro a masukulu amenewo ndinawalawa zaka ziwiri, ndipo inu ndi amene munkasuntha mphasa mvula ikamadontha. Tidikire mwana.

Chimanga musagulitse ngakhale thumba limodzi, kaya wina abwere akulira. Deliwe mumuuze kuti chithunzi chake cha galimoto ndachimata pakhoma, koma matayala asanu achuluka.

Wanu,
Gervasio


13 Julayi

Edite,

Ndili moyo, ndipo ndikhulupirira nanunso muli bwino ndi katundu wanuyo.

Manachesi aja a Laston anafika nawo, ngakhale ndikuwakayikira kuti panjira anadula okha msonkho. Ndinagawirako a Anselmo ndi mayi wa ku Zimbabwe uja. Mayiyo akuti atangosenda limodzi, fungo linadzaza khonde lonse mpaka ana ake kutuluka m'chipinda. Ine ndaona ngati chaka chino mvula inawachulukira. Kapena mtengo uja wakalamba. Muufunse.

Kuntchito luso langa lakula. Kasitomala akafika ndimatsegula chigubu, kutseka maso, kukoka mpweya pang'onopang'ono, kugwedeza mutu ngati ndikumva uthenga wochokera kutali, kenako n'kutchula dzina la oyilo. Ena amandijambula pa foni. Ku yunivesite ndinkakana kulowa gulu la zisudzo, sindinkadziwa kuti ndikudzimana.

Lachitatu a Anselmo anandipeza kuseri ndikusamba m'manja.

"Gervasio, chigubu unanunkhiza m'mawa chija, unayamba wayang'ana kuti chili mbali iti."

"Maso ndi anga, akulu."

"Epa, inenso ndinayamba choncho. Ndinkaika timiyala pansi pa zigubu."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Si ukundiona ndikumasula matayala? Koma ine ndinakanena ndekha ndisanaphe galimoto ya munthu. Kanene, mwana wa kwathu."

"Ndikanena andiika pati? Ku matayala muliko kale inu."

Anangondipatsa sopo.

Musaiganizire kwambiri nkhani imeneyi, mkuluyu amakonda kuopseza. Kwatsala miyezi iwiri yokha, ndipo chigubu sichiyenda chokha. Mitengo ya denga muuze a Melvin ocheka matabwa aja ayambe kudula, iume. Akakuuzani kuti bulugamu wakwera mtengo, muwakumbutse kuti mitengoyo ndi ya m'munda mwa amayi.

Wanu,
G.


17 Ogasiti

Amake Deliwe,

Moni nonse. Ndamva kuti msana ukukuvutani, pepani. Ine thupi lili bwino.

Lachinayi kunabwera alendo a mavesiti onyezimira, ofunsa mapepala a anthu ndi a katundu. Mlonda wa pageti analiza likhweru, ndipo nduna yanu, ndi digiri yake yomwe, inalowa mu kontena ya matayala akale pamodzi ndi a Anselmo ndi amuna awiri a ku Chimoio. Tinakhalamo mpaka dzuwa kupendeka, wina ataponda phazi langa osapepesa. Bwana naye anabisa zake. Zigubu zonse anaziponya mu buti ya galimoto ya kasitomala, ndipo alendo atapita anazibweza yekha pa shelefu, mmene zinkamugwerera m'manja.

Mawa lake m'mawa, ndisanapeze n'komwe mpata woganiza, mneneri uja anatulukira ndi gulu lake. Akupita ku msonkhano wa machiritso ku Durban, ndipo akufuna oyilo watsopano mu giyabokosi, pompopompo. Wofiira ndinamudziwa ndi maso. Awiri enawo anangondiyang'ana ngati mapasa. Ndinadonthezera pa chala, koma ndi kuzizira kumeneku onse amayenda mwaulesi. Ndinayang'ana a Anselmo, iwo n'kukweza mapewa, poti mphuno yawo ndi yanga n'zapachibale. Bwana waima apa, ojambula aima apo, mneneri akulalikira kuti, "Onani mphatso imene Mulungu anaika mwa Mmalawi uyu! Ena anapatsidwa maso, uyu anapatsidwa mphuno!" Azimayi a gulu lake, "Ameni!"

Ndikanatha kunena, Edite. Kunali kungotsegula pakamwa basi. Ndinatseka maso, n'kukoka mpweya, n'kuloza chigubu chapakati.

Galimoto inatuluka ikubangula bwinobwino. Mwina ndinalasa. Pa ziwiri chimodzi chimakhala cholondola, masamu amenewo ngakhale wophunzira mbiri amawadziwa.

Tsopano mumvetsetse. Chikwama cha kuchipatala chikhale chokonzeka: zitenje, beseni, pepala la pulasitiki ndi tochi. Mwezi uno ukamatha mupite kuchidikiro pa boma, musayembekeze kuti ziyambire kunyumba. Njira ya kwathu ija si yodutsa munthu wa matenda pa kabaza. Deliwe atsale ndi amayi, ndipo achemwali anu a Iness akakudikirireni, ngakhale adzakutopetsani ndi nkhani za amuna awo.

Foni yanga ikakhala yozima musadabwe. Masiku ano ikalira ndimadzidzimuka.

Wanu,
Gervasio


7 Seputembala

Amake Deliwe,

Kalata ino ikupezeni kuchidikiro muli ndi mphamvu. Ine ndilipo.

Ndikudziwitseni kuti kuno nduna zasinthidwa, monga zimakhalira m'maboma onse.

Galimoto yachikasu ija inayenda bwino mpaka pa mapiri a panjira ya ku Durban. Pamenepo inayamba kulira osayenda, kenako utsi. Mneneri anakafika ku msonkhano wa machiritso atakhala kutsogolo kwa galimoto yokoka zinzake, suti ili ng'aning'ani. Ataibweretsa kuno n'kutsegula giyabokosi, akuti fungo la mazira owola linathamangitsa amakaniko mpaka kumsewu. Ine ndinangoima pomwepo, pafupi penipeni, osasuntha. M'pamene Bwana anasiya kuyang'ana giyabokosi n'kuyamba kuyang'ana ine.

Sanakalipe. Ananditengera mu ofesi, n'kundimanga nsanza kumaso, n'kumandiyandikizira makapu atatu pamphuno, imodziimodzi. Ndinati yoyamba ndi wa difu, yachiwiri ndi wofiira, yachitatu ndi wa makilatchi awiri, ndipo ndinawonjezera kuti wachitatuyo wakhalitsa pang'ono. Atandimasula ndinaona makapu atatu a madzi a pampopi.

"Zinayamba liti?"

"Ndi chimfine, bwana."

"Chimfine chako chadya giyabokosi ya mtengo wa nyumba. Vula ovolosi yanga."

Malipiro a mweziwo anatsala komweko, ngati chopereka changa ku dziko la Jeremani. Kukadandaula n'kotheka, koma ofesi yodandaulira imayamba yafunsa mapepala. A Anselmo anandiperekeza mpaka pageti, n'kundiika kabotolo ka tsabola m'thumba la jekete. Ndamva kuti pa shelefu panga pali kale munthu wina, wa ku Mangochi, wongofika kumene. Akuti mphuno yake ndi yakuthwa zedi.

Panopa ndikutsuka matakisi pa renki. Ndi ntchito ya panja, mpweya wabwino, imene madokotala amalimbikitsa. Anzanga amakana kutsuka zija amasanzamo oledzera, ine ndimazilandira ndi manja awiri, ndipo akundiona ngati munthu wodzichepetsa kwambiri.

Envelopu ino ndi yopepuka, musawaganizire a Laston. Malata adikire kaye, mitengo ija muiunjike pamthunzi ingapindike. Amayi musawauze. Inu ganizirani za mwana yekha.

Wanu,
Gervasio


19 Okutobala

Edite wanga,

Moni kwa inu, kwa Deliwe, kwa amayi, ndi kwa bambo watsopano wa pakhomopo. Mwagwira ntchito, mayi. A Iness atandiimbira ndinali pa renki, ndipo ndinakumbatira dalaivala wina wa Chizulu amene mpaka lero akandiona amadutsa patali. Dzina la Zakeyu limene amayi amupatsa ndalivomera, ngakhale ndikanakonda la munthu wamtaliko. Mwati mbuzi inadyedwa ndipo a Crispim ndi amene anatenga mutu. Zinayenera kutero.

Phukusi lanu a Laston anandipatsa pamanja. Ndinapezamo kachipewa kake kaubweya, mu pepala la pulasitiki lomangidwa mfundo pamwamba pa mfundo. Mwalemba kuti munamuveka mlungu wonse osakachapa, ndipo munakamanga choncho kuti fungo lisathawire panjira, bambo ake amudziwe asanamuone. Ndinamasulira pakhonde. Mayi wa ku Zimbabwe uja anali akuanika zovala. Anakatenga, n'kukaika kumaso, n'kutseka maso, ndipo anangoti, "Aa, mwana!" Anakhala choncho kanthawi, kenako anandibwezera n'kundisiya ndekha.

Ndinafuna kukulemberani kuti akununkhira ngati inu. Ndinayamba n'kulemba komwe, ndipo pepala limenelo ndang'amba.

Kuno kuli kiliniki ina ya masisitere yosafunsa ziphaso. Ndinapitako mlungu watha. Dokotala anandiunika ndi katochi, n'kundinunkhizitsa khofi, sopo, ndi kabotolo kena kamene atakatsegula anatuluka misozi ndi iye. Anafunsa ntchito imene ndinkagwira, ndipo ndinamuuza. Akuti timitsempha ta m'kati tinapsa ndi mankhwala aja. Mwina tidzaphukanso, mwina ayi, sanafune kundilonjeza. Si chimfine, Edite. Ndakhala ndikudziwa kuyambira nthawi yozizira ija, ndipo ndikuganiza kuti nanunso munkadziwa, poti munasiya kuseka nthabwala zanga m'makalata anu.

Kachipewako ndinakaika pamphuno nthawi yaitali. Ndinamva kufewa kwa ubweya ndi kutentha kwa mpweya wanga womwe. Basi.

Ndibwera pa Khirisimasi. Kusukulu ya pa boma ija mukafunse ngati malo akadalipo. Koma mukamayankha kalata ino, za chimanga ndi mitengo musalembe. Mumunyamule akangotha kuyamwa, mumununkhize pa liwombo, ndiye mundilembere kuti akumveka ngati chiyani. Mulembe mofatsa, musafupikitse.

Ine,
bambo a Zakeyu